Kukadya ndi anzanu mumzinda: kakonzedwe kake kuti mubwereko mukuyankhulana

Mumzinda anthu amatha kukhala motalikirana ulendo wa mphindi 30 zokha koma chaka n'kutha osaonana. Mukakumana mwangozi pamsewu, aliyense ali pa liwiro, mawu ake amakhala omwe aja: "Aise, tipeze tsiku tikhale pansi." Tsikulo silidzipeza lokha. Ndipo likapezeka, chimene chimalisokoneza kawirikawiri si chakudya ayi. Ndi nkhani zimene aliyense anaziganiza mumtima koma palibe anazitulutsa pakamwa: alipira ndani, tidikirana mpaka nthawi yanji, tibwerera pa chiyani. Zimenezi mukazimaliza musananyamuke kunyumba, zotsalazo zimayenda zokha.

Choyamba, mmodzi asenze udindo

Funso lakuti "tikumane liti?" mukaliponya pagulu la WhatsApp la anthu 8, mudzakolola zithunzi zoseketsa, "ine tsiku lililonse" ndi "tiona". Tsiku lenilenilo simulipeza. Inu amene mwayambitsa nkhaniyi, sankhani masiku awiri kapena atatu, ikani kuti anthu avote (WhatsApp ili nayo njira yovotera pagulu), kenako ikani malire: "Pofika Lachitatu madzulo, tsiku lomwe lapeza mavoti ambiri ndi lomwelo." Tsiku lokomera aliyense kulibe. Wina amagwira ntchito Loweruka, wina ali ndi mwana wamng'ono, wina ali ndi mayeso. Amene alephere ulendo uno adzapezeka ulendo wina.

Posankha masikuwo muganizirenso matumba a anzanu. Sabata yomwe anthu angolandira kumene imasiyana kwambiri ndi sabata yomwe akuwerenga masiku kuti mwezi uthe. Mukaika tsiku pa nthawi yothina, ena adzakana ndi zifukwa zina, ndipo inu mudzaganiza kuti akukuthawani pomwe vuto lili m'thumba.

Chachiwiri, chiwerengero cha anthu

Katswiri wina wa ku Britain wofufuza za chikhalidwe cha anthu, Robin Dunbar, pamodzi ndi anzake anaona kuti anthu akamacheza momasuka, macheza amodzi sakonda kupitirira anthu 4. Wachisanu akalowa, posakhalitsa gululo limagawika pawiri. Mutha kudzionera nokha patebulo lalitali: akumutu ali ndi nkhani yawo, akumapeto ali ndi yawo, ndipo wapakati akungotembenuza khosi uku ndi uku osagwira iliyonse.

Choncho dzifunseni chimene mukufuna. Ngati mwasowana ndipo mukufuna kumva za moyo wa mnzanu, anthu 3 kapena 4 akwana. Ngati ndi chisangalalo cha tsiku lobadwa kapena kutsanzikana ndi wina amene akusamuka, itanani ambiri, koma vomerezani kuti simucheza ndi onse, ndipo muzisinthana mipando chakudya chikatha. Nenaninso poyera ngati munthu angabwere ndi wina. Mlendo mmodzi wosayembekezereka savuta. Atatu amasintha mipando, bilu, ngakhalenso nkhani zomwe mukanakamba.

Chachitatu, ndalama: kambiranani musanachoke pakhomo

Apa ndi pamene maubwenzi ambiri amapindikira mwakachetechete. Mwina munamuonapo mnzanu amene akatsegula menyu amayamba wayang'ana mbali ya mitengo, chala chikutsetsereka mpaka pa chinthu chotsika mtengo kwambiri, n'kunena kuti "ine ndadya kale, ndingomwako chakumwa." Nthawi zina wadyadi. Nthawi zambiri akuopa bilu yomwe sakudziwa kuti igawidwa bwanji. Tsiku lonse amakhala akuseka ndi mano okha, mutu uli pa masamu.

Njira zolipirira zilipo zitatu, ndipo iliyonse ili ndi malo ake.

Aliyense alipire zake. Imeneyi ndiye njira yachilungamo anthu akamasiyana mapezedwe, ndipo ineyo ndi imene ndimaiika patsogolo. Vuto lake ndi lakuti imafuna muuze woperekera zakudya musanaitanitse kalikonse kuti aliyense alembedwe payekha. Mukadikira mpaka kumapeto, mudzakhala mukukumbutsana kuti botolo lachitatu lija anamwa ndani.

Kugawana mofanana. Njirayi ndi yachangu, ndipo imayenda bwino onse akadya zinthu zofanana mtengo, kapena mukaitanitsa mbale zikuluzikulu zodyera limodzi. Koma ili ndi msampha. Mu 2004 akatswiri a zachuma atatu, Uri Gneezy, Ernan Haruvy ndi Hadas Yafe, anatulutsa zotsatira za kafukufuku amene anachitira mu lesitilanti ina ku Haifa m'dziko la Israel. Ankakhazika anthu 6 osadziwana patebulo limodzi. Magulu amene anauzidwa kuti bilu agawana mofanana anaitanitsa zakudya za ndalama zochuluka ndi pafupifupi 36 peresenti kuposa magulu amene aliyense ankalipira zake. Chifukwa chake n'chosavuta kumva: ukadziwa kuti pa chimene waitanitsa ulipira gawo limodzi lokha mwa magawo 6, dzanja limapepuka. Amenewo anali anthu osadziwana, ndipo abwenzi amachitirana chifundo kuposa pamenepo, koma mtima womwewo umapezeka ndithu. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada, ndipo pano amene amagwa naye ndi mnzanu uja anangomwa chakumwa chimodzi.

Ngati mwasankha kugawana, chotsanimo mowa. Omwa mowa akhale ndi bilu yawoyawo. Si bwino kuti munthu amene wamwa madzi usiku wonse azilipirira mabotolo a anzake.

Kusonkherana pasadakhale. Aliyense amatumiza ndalama yomwe mwagwirizana kwa munthu mmodzi wodalirika tsikulo lisanafike, ndipo ndalamayo ndiyo malire a zomwe muitanitse. Njirayi ndi yabwino gulu likakhala lalikulu, komanso imachepetsa amene amalonjeza kenako osabwera, chifukwa munthu amene wasonkha kale savutika kupeza njira. Wosunga ndalamayo azilemba amene wapereka, ndipo pamapeto aonetse lisiti ndi chenji popanda kufunsidwa.

Samalaninso ndi kaitanidwe. "Ndikukuitanani kukadya" ena amamva kuti woitanayo ndiye alipira, pomwe mwina inu mumangotanthauza kuti tikumane. Lembani momveka: "Anzanga, Loweruka 1 koloko masana. Aliyense alipira zake. Menyu ndi iyi, onani mitengo." Chithunzi cha menyu chimapatsa aliyense mpata woti adziyeze yekha kunyumba, popanda maso a anthu. Ngati ndi tsiku lobadwa la wina ndipo mukufuna kumulipirira, gwirizanani ena nonsenu pambali kuti gawo lake mugawana.

Nanga mnzanu amene mukudziwa kuti zinthu sizikumuyendera? Musamufunse pagulu. Muimbireni payekha: "Achimwene, Loweruka musadandaule za bilu, ulendo uno ndi wanga, inu mudzandiona ulendo wina." Mukatero, nkhaniyo ithere pomwepo. Kuilengeza patebulo, ngakhale mwanthabwala, kumafafaniza ubwino wonse umene munachita. Ndipo ngati ambiri pagulupo athina, sinthani malo. Kukhala papaki ndi zakudya zochokera kunyumba ndi kucheza ndithu.

Chachinayi, malo

Sankhani malo poganizira amene akuchokera kutali kwambiri komanso amene alibe galimoto. Malo okongola amene basi sifikako amasanduka chilango kwa theka la gulu. Tsegulani Google Maps muone mtunda, nthawi yotsegulira ndi yotsekera, koma imbaninso foni, chifukwa zolembedwa pa intaneti zimatha kukhala zakale. Pafoni yomweyo funsani ngati angakusungireni tebulo, ngati amalandira khadi kapena ndalama za pafoni, komanso ngati amalola kulemba bilu ya aliyense payekha.

Chimene ambiri amaiwala ndi phokoso. Ngati mukuchita kukuwa kuti munthu amene ali pafupi nanu, woti mutha kumugwira ndi dzanja, akumveni, phokosolo lafika cha m'ma desibelo 85, mlingo umene umayamba kuwononga makutu munthu akakhalamo maola ambiri. Ngakhale tisanene za makutu, malo otero si ochezeramo. Mudzabwerako mawu atasasa, osamva chilichonse cha mnzanu. Ngati mukufuna kuvina, pitani kovina. Ngati mukufuna kucheza, pemphani tebulo lakutali ndi sipika.

Chachisanu, ochedwa

Gulu lililonse lili naye amene amalemba "ndili m'njira" ali m'bafa. Ikani lamulo lisanafike tsikulo: tidikira mphindi 20, kenako tiitanitsa. Wochedwa adzatipeza tikudya. Anthu anjala sachedwa kukwiya, ndipo si chilungamo kuti amene anasunga nthawi alangidwe.

Chachisanu ndi chimodzi, patebulo

Musanaitanitse zodyera limodzi, funsani ngati alipo amene sadya zinazake. Ena ndi chifukwa cha chipembedzo, ena ndi matenda monga shuga kapena kuthamanga kwa magazi, ena thupi lawo limadana ndi zakudya zina monga mtedza, mazira, mkaka, nsomba kapena nkhanu. Zakudana ndi thupizi si zoseweretsa. Kachidutswa kakang'ono kangathe kutupitsa milomo ndi kukhosi m'mphindi zochepa, munthu n'kuyamba kubanika. Zikatero musataye nthawi ndi kumuuza kuti apume kaye kapena kumumwetsa madzi n'kumadikira. Thamangirani naye kuchipatala. Ndipo munthu akati sadya chinachake, kapena samwa mowa, musamukakamize ndi "tangolawa pang'ono".

Ngati mwaganiza zodya kwa ogulitsa m'mbali mwa msewu, kumene nthawi zambiri ndi kumene kuli zokoma za mumzinda, imani kaye pambali mphindi ziwiri muonerere. Pamene pali mzere wa anthu, chakudya sichikhalitsa, ndiye chimakhala chatsopano. Sankhani chimene chikuphikidwa inu mukuona ndipo chikufuka nthunzi. Yang'anani dzanja la wogulitsayo: kodi lomwe lalandira ndalama ndi lomwe likugwira chakudya? Nyama yaiwisi ikudulidwira pathabwa limodzi ndi yakupsa? Mbale zikutsukidwa m'madzi otani, oyera kapena amene asanduka msuzi? Zipatso zosendasenda zimene zakhala padzuwa, saladi wosaphika ndi madzi oundana amene simukudziwa gwero lake, zimenezo ndi zoyamba kuzikayikira. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linanena mu 2015 kuti anthu pafupifupi 600 miliyoni, kapena kuti mmodzi mwa anthu 10 alionse, amadwala chaka chilichonse chifukwa cha chakudya choipitsidwa, ndipo 420,000 amamwalira. Zimenezi zisakuletseni kudya. Zingokukumbutsani kusamba m'manja ndi sopo kwa masekondi 20 musanagwire chakudya, popeza manja omwewo agwira ndalama, zitseko ndi zitsulo za m'basi.

Foni zikhale m'thumba kapena m'chikwama chomwe chili pamiyendo panu. Foni yosiyidwa m'mphepete mwa tebulo loyang'ana kumsewu, kapena chikwama chopachikidwa kumbuyo kwa mpando, zimapita mwachangu kwambiri pamalo podzaza anthu. Lero lomwe imbani *#06# pafoni yanu, ikuonetsani nambala ya IMEI, yomwe ndi nambala yapadera yozindikiritsa foni yanuyo, ndipo muilembe penapake kunyumba. Foni ikabedwa, apolisi ndi kampani ya mafoni amafunsa nambala imeneyi.

Ngati mwanyamula zakudya zanu

Kukadyera papaki, m'mbali mwa madzi kapena kunyumba kwa mmodzi wa inu kumapulumutsa ndalama, koma udindo wonse wa ukhondo umagwera inuyo. Gawanani ntchito ndi maina, osangoti "aliyense abweretse kena kake", chifukwa mudzapezeka ndi mabotolo 10 a zakumwa popanda mbale, mpeni kapena thumba lotayamo zinyalala.

Mabakiteriya amaswana msanga chakudya chikakhala pakati pa madigiri 5 ndi 60. Chotentha chikhale chotenthadi, chozizira chikhale chozizira, ndipo chophika chisakhale pamtunda kupitirira maola awiri. Kunja kukatentha kupitirira madigiri 32, nthawiyo imatsika kufika pa ola limodzi. Muwerenge kuyambira pamene mwaphula, osati pamene mwafika, chifukwa nthawi yomwe poto wakhala m'galimoto pamzere wa magalimoto ikuwerengedwanso.

Mpunga ndi umene umapusitsa anthu, chifukwa suoneka ngati chakudya choopsa. Umatha kukhala ndi bakiteriya wotchedwa Bacillus cereus, amene njere zake zimapirira moto wophikira. Mpunga wophika ukakhala maola ambiri uli wofunda, njerezo zimadzuka, n'kuswana, n'kutulutsa poizoni amene satha ngakhale mutautenthetsanso. Zotsatira zake ndi kusanza patangopita maola ochepa. Ndiye ngati mukuphika dzulo lake, uyalani m'mbale yotakata kuti uzizire msanga, muike mufiriji, ndipo muunyamule m'bokosi losunga kuzizira lokhala ndi madzi oundana. Mabotolo a madzi amene mwawaumitsa mufiriji usiku amagwira ntchito imeneyi bwino, ndipo akasungunuka mumamwa. Chimodzimodzi saladi wothira mayonezi, mazira owiritsa ndi nyama yophika.

Ngati mukukawotcha nyama komweko, yaiwisi ikhale m'chotengera chakechake chotseka bwino, pansi pa bokosilo, kuti madzi ake asadonthere pa zina. Mbale yomwe munanyamuliramo yaiwisi isalandirenso yakupsa. Nkhuku imapusitsa pamoto waukali: kunja imada msanga mkati mukadali magazi. Chekani pafupi ndi fupa muone. Msuzi wake utuluke woyera, wopanda kufiira, ndipo ngati muli ndi choyezera kutentha, pakati pake pafike madigiri 70 kapena kuposa.

Bilu ikafika

Pamakhala kabata kenakake kapepala kakatera patebulo. Wina mwadzidzidzi walandira uthenga wofunika pafoni, wina wakumbukira kuti akufuna kupita kuchimbudzi. Ngati munakambirana kale, kabata kameneka sikakhalapo. Mmodzi atenge biluyo awerenge mzere ndi mzere, chifukwa pagulu lalikulu n'zosavuta kuti chinthu chilembedwe kawiri kapena cha tebulo lina chilowe mwa inu. Onaninso ngati msonkho ndi ndalama ya utumiki zaphatikizidwa kale, kuti musadabwe kapena kulipira kawiri. Mukapeza cholakwika, muitaneni woperekera zakudyayo mwaulemu, motsitsa mawu. Nthawi zambiri ndi kuphonya chabe kwa munthu amene wayenda ndi mbale tsiku lonse. Za kangachepe komuthokoza zimasiyana dziko ndi dziko, koma ngati mukupereka, sonkhani nonse. Isamakhale ntchito ya munthu mmodzi yemweyo nthawi zonse.

Mmodzi akalipira zonse kuti ena amubwezere, tumizani ndalamazo muli pomwepo, musanaimirire. "Ndikutumizira ndikafika" ndi chiyambi cha ngongole zimene mwiniwake amachita manyazi kuzikumbutsa, ndipo ulendo wotsatira amangoti watanganidwa.

Kubwerera kunyumba

Nkhani iyi ikambidwe masana, anthu mitu ili bwinobwino. Dziwani nthawi imene mabasi amasiya kuyenda kudera la aliyense, ndipo nthawi yobalalikira itengere amene basi yake imatha msanga. Ndalama yobwererera aliyense aiike padera, m'thumba lina, kuti isalowe m'bilu. Batire ya foni ikhale ndi moto, chifukwa takisi, mapu ndi ndalama zonse zili mmenemo.

Ngati pali mowa ndipo pali galimoto, woyendetsa asankhidwe musanayambe, ndipo iyeyo asamwe n'komwe. Chiwindi chimachotsa mowa m'thupi pa liwiro lake, pafupifupi chakumwa chimodzi chaching'ono pa ola, ndipo palibe chimene chimachifulumizitsa. Khofi, madzi ozizira kumaso kapena chakudya chamafuta pamapeto zimangomupangitsa munthu kudzimva ngati ali bwino, koma mowa uli m'magazi momwemo. Amene akuumirira kuti "ine ndimayendetsa bwino ndikamwa" ndi amene muyenera kumulanda makiyi. Adzakwiya usiku umenewo, ndipo zilibe kanthu. N'chilungamonso kuti woyendetsa amene wadziletsa chifukwa cha inu mumugulire chakudya kapena mumuthandize mafuta.

Musasiye mnzanu yekha pamalo okwerera usiku, makamaka amene waledzera. Dikirani mpaka akwere. Amene akukwera takisi yoitanitsa pafoni aone kuti nambala ya galimoto ndi nkhope ya dalaivala zikufanana ndi zomwe zili pafoni asanatsegule chitseko. Pa WhatsApp mutha kuonetsa mnzanu malo amene muli pamene mukuyenda, kwa mphindi 15, ola limodzi kapena maola 8. Ola limodzi limakwanira maulendo ambiri a mumzinda. Aliyense akafika alembe pagulu kuti wafika, ndipo wokonza ulendo asagone asanawerenge kuti onse akwana. Amene sanalembe aimbiridwe.

Mawa lake, wosunga ndalama aike chithunzi cha lisiti pagulu ndi kubweza chenji. Zithunzi za tsikulo zitumizidwe pagulu kaye, ndipo musanaziike pa Facebook kapena Instagram funsani amene akuonekamo, chifukwa wina mwina anapempha tchuthi kuntchito ndi chifukwa china, ndipo wina sakufuna kuoneka ali ndi botolo m'manja. Pomwepo, anthu akadali osangalala, tchulani dzina la amene akonze ulendo wotsatira ndi mwezi wake, ndipo mumutumizire nambala ya malo aja ngati anakusangalatsani.